Kope la nambala 9: Arsenal popanda Gabriel Jesus, ndi zomwe ndayesa pabwalo lathu

13 Novembala 2022

Kope ili layamba chifukwa cha mkangano wa dzulo usiku pa vidiyo sho yomwe timaonerako mpira kuno ku Zingwangwa. Arsenal yagonjetsa Wolves 2-0, zigoli zonse wamwetsa Martin Ødegaard, ndipo ligi ikukapumira World Cup timuyi ili pamwamba ndi mapointi 37 pa masewero 14, Manchester City ikutsalira ndi asanu. Koma theka la anthu m'chipindamo linali pa Gabriel Jesus. Akuti munthu anagulidwa ndi mapaundi 45 miliyoni, wavala nambala 9 ya wosewera kutsogolo pakati, koma chigoli chake chomaliza ndi cha pa 1 Okutobala pokumana ndi Tottenham. Mu ligi ali ndi zisanu zokha.

Ine ndinati timuyi ili pamwamba chifukwa cha iyeyo. Bambo wina amene amakhala benchi yakutsogolo anatembenuka n'kunena kuti, "Kochi, zimenezo n'zapakamwa. Tiwerengereni." Ndinalibe choti ndiwawerengere.

Ndimaphunzitsa anyamata osapitirira zaka 15, Loweruka m'mawa ndi Lachitatu akaweruka kusukulu. Wanga wa nambala 9 ndi mnyamata wamtali, wa mwendo wamphamvu, koma mpira ukakhala kwa adani amaima manja ali m'chiuno kudikira kuti anzake amubweretsere. Ntchito yomwe ndadzipatsa ili pawiri: kulemba zomwe Jesus amachita mpira ulibe iye, kenako kuzisandutsa maphunziro a pabwalo lathu. Ndagula kope la chikuto cholimba K2,000 ndi zolembera ziwiri K600. Polowera pa vidiyo sho ndi K300, masewero akuluakulu K500.

3 Disembala 2022

Ntchito yagwa isanayambe. Dzulo usiku Brazil inasewera ndi Cameroon, ndipo chipinda chonse chinali cha Cameroon. Vincent Aboubakar atamwetsa ndi mutu kumapeto kwenikweni, n'kuvula jezi, n'kulandira kadi yofiira akumwetulira, mabenchi anagwa ndi chisangalalo. Palibe amene anasamala zoti Jesus anali atatuluka kale m'chigawo chachiwiri. Lero zamveka kuti wavulala bondo lakumanja ndipo World Cup yake yathera pomwepo, pamodzi ndi Alex Telles amene wavulala pa masewero omwewo.

8 Disembala 2022

Amuchita opaleshoni. Zikumveka kuti akhala kunja pafupifupi miyezi itatu. Poti munthu woti ndimuyang'ane palibe, ndatembenuza ntchito: ndilemba chomwe chisowe pamene iye palibe.

Kuti nditero ndinafuna kaye chithunzi cha m'mene timu imasewerera iye alipo, ndipo apa ndataya ndalama. Ndinagula bandulo ya K3,500 kuti ndionerenso masewero akale pa foni. Zomwe zili pa YouTube ndi zidule za mphindi zochepa, zigoli ndi mipata basi. Zigoli zake ziwiri za pa 13 Ogasiti pokumana ndi Leicester ndazioneratu kangapo, koma kuthamanga komwe ndikufuna kulibemo, chifukwa odula vidiyo amataya mbali imeneyo. Anzanga ofuna kuchita zofanana ndi izi, musagule bandulo ya zidule.

Chomwe ndapulumutsapo ndi chimodzi. Pa zidule zambiri Jesus sakuyambira pakati. Akuchokera kumanzere, kufupi ndi mzere, ndipo amene ali pakati m'bokosi ndi Gabriel Martinelli. Ndajambula mizere m'kope, tsamba lililonse mafunso atatu. Mpira ukakhala kumanzere kwa Oleksandr Zinchenko, nambala 9 ali pati? Goloboyi wa adani akagwira mpira, akumuthamangira ndani? Nambala 9 akachoka pakati, akulowa pamalo pake ndani?

17 Disembala 2022

Maphunziro oyamba. Makoni tilibe, tinadzaza mchenga m'mabotolo a pulasitiki khumi ndi awiri. Pa kaunjika ndinagula malaya ofiira asanu ndi atatu pa K700 lililonse, K5,600 onse, kuti magulu azisiyana.

Ndinaika otchinga kumbuyo anayi ndi goloboyi, n'kuuza wamtali uja kuti awalande mpira. Zinalephereka moonekeratu. Ankathamangira amene ali ndi mpira molunjika, mpira n'kupita kwa wina, iye n'kutembenuka, mpira n'kubwerera. Anzakewo anayamba kumuseweretsa ngati mwana wolandidwa chidole. Pasanathe mphindi khumi anagwira maondo, thukuta likudontha pa mphuno, n'kunena osandiyang'ana kuti, "Kochi, ineyo ntchito yanga n'kugoletsa." Sindinamukalipire. Cholakwa chinali changa: ndinatuma mwana mmodzi kukagwira anthu asanu, chinthu chomwe Jesus mwini sachita. Iye akanyamuka, Ødegaard amanyamuka naye, Bukayo Saka ndi Martinelli n'kutseka m'mbali.

27 Disembala 2022

Ligi yabwerera. Arsenal 3, West Ham 1, masewero anayamba 10 koloko usiku kuno. Eddie Nketiah ndiye wavala udindo, ndipo chigoli chake chinali chokoma: analandira atafulatira golo, n'kumuzungulira wotchinga kumbuyo Thilo Kehrer ndi thupi, n'kuponya pakona.

Kuwerenga kwanga kwakanika pa zifukwa zitatu. Kamera imatsata mpira, choncho wosewera kutsogolo amatuluka pachithunzi nthawi yomwe ndikumufuna. M'chipinda mumakhala mdima, ndipo m'mawa uno ndapeza kuti ndinalemba mizere iwiri pamwamba pa inzake. Chachitatu ndi magetsi, omwe akhala akuvuta chiwonongekere Kapichira ndi namondwe Ana mu Januwale. Anazima chigawo choyamba chili mkati, ndipo pomwe jenereta imalira mphindi zingapo zinali zitapita.

Ndagula tochi yaing'ono K1,500. Ndasiyanso zowerenga kuti wathamanga kangati, chifukwa nambala yopereweza ndi bodza. Ndizilemba zomwe diso likutsimikiza: waima pati, wagoletsa ndani, timu yatenga mapointi angati.

5 Januwale 2023

Brighton 2, Arsenal 4 pa 31 Disembala, Nketiah ndi Martinelli onse agoletsa. Pa 3 Januwale Newcastle inadzaza anthu kumbuyo ndipo masewero anatha 0-0. Pa tsamba la Newcastle funso loyamba ndayankha mofanana pafupifupi paliponse: nambala 9 ali pakati pa otchinga awiri, sakuchoka.

Pabwalo lathu taima. Kolera yakula, boma laimitsa kutsegulira sukulu mu Blantyre ndi Lilongwe, ndipo sindingasonkhanitse ana pamene sukulu zatsekedwa. Ndakumbukiranso kuti tonse timamwera kapu imodzi m'ndowa imodzi. Ndagula sopo ndi mankhwala othira m'madzi K1,200, ndipo tikadzayambiranso aliyense azibwera ndi botolo lake.

23 Januwale 2023

Ndilembe chilungamo: sabata ino mfundo yanga yagwedezeka. Arsenal yakapambana kwa Tottenham 2-0 pa 15 Januwale, ndipo dzulo yagonjetsa Manchester United 3-2. Nketiah wamwetsa ziwiri, choyamba ndi mutu, chachiwiri mphindi ya 90 pongokhudza mpira pafupi ndi golo. Mapointi 50 pa masewero 19. Bambo a benchi yakutsogolo aja anadikira kuti phokoso lichepe, kenako anati, "Kochi, kope lija likuti bwanji?"

Kope likuti Nketiah ndi wogoletsa weniweni. Zigoli ziwiri za dzulo zachokera pa chinthu chomwe ine ndimachiona ngati chofooka chake, chosachoka pakati. Mpira ukagwa m'bokosi iye amakhala alipo kale, pamene Jesus nthawi ngati imeneyo mwina akanakhala kunja kwa bokosi akuthandiza kumanga. Nketiah amathamangiranso goloboyi, si waulesi ayi. Funso lachiwiri lija likuyankhidwa bwino.

Koma funso lachitatu masamba ake ndi oyera. Palibe amene akulowa pamalo pa nambala 9, chifukwa nambala 9 sakuchokapo. Martinelli wakhala womata pamzere wakumanzere, akalandira mpira pamaso pake pali anthu awiri ndipo kumbuyo kwake kuli mzere. Chigoli chake chomaliza ndi cha kwa Brighton. Masewero atatu a ligi ndi ochepa kuti munthu anenepo kanthu, choncho ndangojambula nyenyezi m'mphepete mwa tsamba. Timu yagulanso Leandro Trossard kuchokera ku Brighton, Mykhailo Mudryk amene ankamufuna atapita ku Chelsea.

28 Januwale 2023

Sukulu zatsegulidwa, nafe tayambiranso. Ndakonza maphunziro aja. Tsopano akutsogolo ndi atatu, kumbuyo kwawo kuli wapakati mmodzi, ndipo palibe wonyamuka mpaka chizindikiro chioneke. Chizindikiro tasankha chosavuta: mpira ukabwezedwa kwa goloboyi, kapena wotchinga akaulandira atafulatira.

Chomwe chasintha zonse ndi kathamangidwe. Ndinaika mabotolo atatu mokhota ngati chikwakwa, n'kumuuza wamtali kuti asalunjike kwa goloboyi, adutse kunja kwa mabotolowo. Akatero thupi lake limatseka njira yopita kwa wotchinga mmodzi, goloboyi n'kutsala ndi mbali imodzi yokha, komwe mnzake wayamba kale kuthamangira. Kachitatu konse anaiwala n'kulunjika. Kachinayi anakhota, goloboyi anaponyera komwe tinkafuna, wa kumanja analanda, n'kumupatsira iyeyo ali yekha pamaso pa golo. Atagoletsa sanakondwere n'komwe. Anabwerera kukayang'ana mabotolo aja, kenako n'kufunsa, "Kochi, nanga akaponyera pamwamba?" Funso limenelo ndi lomwe ndakhala ndikulidikira chiyambire.

Mpira wathu wabwino unang'ambika pa msoko. Wosoka nsapato wausoka pa K1,000.

16 Febuluwale 2023

Masabata awiri oipa, kuno ndi uko.

Arsenal yatenga pointi imodzi pa zisanu ndi zinayi. Pa 4 Febuluwale inagonja 1-0 kwa Everton, masewero oyamba a kochi wawo watsopano Sean Dyche, chigoli cha mutu cha James Tarkowski pa kona. Pa 11 inalepherana ndi Brentford 1-1, ndipo chigoli cha Ivan Toney chinayenera kukanidwa chifukwa cha ofusayidi, a VAR, oyimbira othandiza poonera pa vidiyo, sanachione bwino ndipo akuluakulu a oyimbira anavomera kulakwa. Dzulo City yapambana 3-1 pa Emirates, bwalo la Arsenal, n'kukwera pamwamba ndi kusiyana kwa zigoli, ngakhale Arsenal ili ndi masewero amodzi m'manja.

Sindikufuna kusenzetsa bondo la Jesus katundu amene si wake. Chigoli cha Kevin De Bruyne wa City chinachokera pa mpira womwe Takehiro Tomiyasu wa Arsenal anabweza mofooka. Cha Jack Grealish chinayamba Arsenal itataya mpira kumbali kwake komwe. Penate yomwe Saka anagoletsa anaipezetsa ndi Nketiah. Koma Nketiah yemweyo anaphonya mipata ya mutu yomwe pa 22 Januwale akanaimwetsa, ndipo ine ndikuona kutopa. Chibwerere ligi wakhala akusewera pafupifupi mphindi zonse, chifukwa pa benchi palibe nambala 9 wina. Kuvulala kwa munthu mmodzi kwadya awiri: wovulalayo, ndi womulowa m'malo amene alibe womupumitsa.

Nyenyezi ija yakula. Martinelli wakwanitsa masewero asanu ndi limodzi a ligi osagoletsa: Newcastle, Tottenham, United, Everton, Brentford, City. Matimu aphunzira. Akudziwa kuti nambala 9 akhala pakati, choncho otchinga apakati sakukokedwa kupita kulikonse, ndipo wothandiza kumbali akupita kwa Martinelli ndi Saka mopanda mantha. Kwa Everton izi zinaoneka poyera. Jesus akanakhalapo akanatsikira kumanzere, wotchinga mmodzi n'kumutsata, ndipo mpata womwe wasiyidwawo ndi womwe Martinelli ankadyera mu Ogasiti ndi Okutobala. Zomwe zasowa sizikuoneka pa zigoli za nambala 9, zikuoneka pa za mnansi wake.

Kwathu nako, Loweruka pa 11, wamtali uja wabinya bondo la phazi. Kunagwa mvula usiku, bwalo linali loterera pakona yakumunsi, ndipo nsapato zake zinatha mano kalekale. Ndinaona zonsezi, komabe ndinalola maphunziro okhota mothamanga. Phazi linatsalira, thupi n'kupita. Pomwe timamuvula nsapato pakakolo panali patayamba kale kutupa. Tinamukweza kabaza mpaka kuchipatala, komwe anati fupa silinathyoke koma apume masabata angapo osaponda mpira. Kabaza, bandeji ndi mankhwala zakwana K6,500.

Ndinakamusiya ndekha kunyumba. Amayi ake anandilandira mwaulemu, n'kundipatsa mpando, kenako anati, "Aphunzitsi, mwanayu m'mawa amanditungira madzi asanapite kusukulu. Mpira wanuwu sindiukana, koma muzindionera." Ndinapepesa. Kuyambira tsopano, kukagwa mvula ndiziyenda bwalo lonse ndisanaike mabotolo, ndipo wa nsapato zotha mano sachita nawo zokhota.

5 Malichi 2023

Kochi wa Arsenal Mikel Arteta wapeza chigamba, ndipo ndachikopera.

Pa 18 Febuluwale kwa Aston Villa anamuyambitsa Martinelli pa benchi. Arsenal inapambana 4-2 movutikira, mpira wa Jorginho utagunda mtengo n'kumenya goloboyi Emiliano Martínez m'mutu n'kulowa, ndipo Martinelli anamwetsa chomaliza m'golo lopanda munthu. Kusintha kwenikweni kunabwera pa 25 kwa Leicester: Nketiah pa benchi, Trossard pakati. Trossard si nambala 9 wobadwa, ndipo n'chifukwa chake zinayenda. Sakhazikika. Chigawo chachiwiri chitangoyamba anapezeka kumanzere pamzere, Martinelli n'kudutsa mkati mwake, mpira n'kumupeza, 1-0. Ndinalemba m'kope ndi dzanja lonjenjemera, chifukwa funso lachitatu linali litayankhidwa koyamba chiyambire Disembala. Pa 1 Malichi Everton inagwa 4-0, Martinelli ziwiri. Kuti ndisakondere, chachiwiri chake anamupatsira ndi Nketiah atalowa kuchokera pa benchi.

Dzulo kunali Bournemouth. Nketiah wavulala, Trossard anatuluka chigawo choyamba atavulalanso, ndipo Philip Billing anali atagoletsa kale pa masekondi asanu ndi anayi. Timu inatsalira 2-0 ilibe nambala 9 aliyense, koma Thomas Partey, Ben White ndi Reiss Nelson mphindi ya 97 anaitembenuza kukhala 3-2. Benchi yathu inathyoka mwendo.

Masewero 12 a ligi popanda Jesus: kupambana 8, kulepherana 2, kugonja 2. Mapointi 26.

Kwathu ndinalibe wamtali wina. Ndinayesa kaye kuika wotchinga kumbuyo wamphamvu kutsogolo, koma ankangoima ngati mtengo. Nditaona za Leicester ndinatenga kamnyamata kakafupi kosewera pakati, n'kukauza kuti kasamaime pakati, kazipita komwe kuli mpira, ndipo wa kumanzere akaona kabwera kwa iye azilowa mkati osadikira kuuzidwa. Pa masewero opimana mphamvu ndi anyamata a dera loyandikana nalo tinagonja 2-1, koma chigoli chathu chinabwera mwanjira imeneyo ndendende. Vuto lomwe latsala: onse awiri nthawi zina akupita kumanzere limodzi, pakati n'kusiya popanda munthu.

21 Malichi 2023

Tsiku lomwe ndinalidikira miyezi itatu sindinalione. Jesus anabwerera pa 12 Malichi kwa Fulham, kulowa chakumapeto Arsenal ikutsogola 3-0, zigoli zonse zitatu atapatsira ndi Trossard m'chigawo choyamba. Tsiku limenelo kuno mvula ya namondwe Freddy inali ikugwa osalekeza, magetsi kulibe. Usiku wake madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, kufupi ndi ife. Anthu ambiri afa. Pa 13 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti m'chigawo chakummwera mwagwa tsoka.

Masiku otsatira ndinayenda khomo ndi khomo kufunafuna anyamata anga. Onse ali moyo. Mabanja a atatu akugona m'makalasi chifukwa makoma a nyumba zawo anagwa. Bwalo lathu ladulidwa ndi ngalande yofika m'maondo kuchokera pakona yomwe ija yakumunsi, ndipo mabotolo onse anapita ndi madzi. Denga langa linadontha pa shelefu, kope linanyowa, masamba a Disembala inki yayenderera. Ndaliyanika tsamba ndi tsamba ndipo zambiri zikuwerengeka. Ndagula lina K2,200, mtengo wakwera.

Za mpira ndazionera pa foni ya mnzanga pambuyo pake, ndipo ndizilemba mwachidule. Pa 16 Malichi Arsenal inatuluka mu Europa League pa mapenate ndi Sporting. Usiku womwewo wotchinga kumbuyo William Saliba anatuluka atavulala msana, Tomiyasu ndi bondo. Pa 19 inagonjetsa Crystal Palace 4-1, mapointi 69, asanu ndi atatu pamwamba pa City yomwe ili ndi masewero amodzi m'manja.

2 Epulo 2023

Arsenal 4, Leeds 1. Jesus wagoletsa ziwiri, penate yomwe anaipezetsa yekha ndi china chomupatsira Trossard. Miyezi isanu ndi umodzi yeniyeni chichokere pa chigoli cha Tottenham. Bambo aja anandigwira dzanja potuluka osanena kanthu.

27 Epulo 2023

Ndinayamba kope ili ndikukhulupirira kuti chaka cha Arsenal chili pa bondo la Jesus. Mwezi uno wandionetsa pomwe ndinaperewera.

Pa 9 Epulo kwa Liverpool, Arsenal inatsogola 2-0, Jesus atagoletsa ndi mutu, masewero n'kutha 2-2. Pa 16 kwa West Ham inatsogolanso 2-0 m'mphindi khumi zoyamba, Jesus atatsegula, Saka n'kuphonya penate, n'kutha 2-2. Pa 21 inalepherana 3-3 ndi Southampton yomwe ili pansi penipeni pa ligi. Dzulo City yaikwapula 4-1. Kutsogolo kukuyenda, mafunso anga atatu onse akuyankhidwa. Koma m'masewero anayi amenewa timu yamwetsedwa zigoli 11 ndipo yatenga mapointi atatu.

Chomwe sindinaike m'kope ndi funso lachinayi: akutsogolo akanyamuka kukapanikiza, otchinga kumbuyo ali pati? Kupanikiza kumagwira ngati timu yonse yakwera pamodzi, ndipo otchinga amalimba mtima kukwera mpaka pakati pa bwalo akadziwa kuti mmodzi wa iwo ali ndi liwiro lobwerera. Munthu ameneyo anali Saliba. Rob Holding, amene walowa m'malo mwake, ndi wodzipereka, dzulo ndiye wagoletsa chokhacho cha Arsenal, koma liwiro limenelo alibe. Chigoli choyamba cha City chinaonetsa zonse: Arsenal inakwera kukapanikiza, City inaponya mpira wautali kudumpha onsewo, Erling Haaland anautsitsa Holding ali kumsana kwake, De Bruyne n'kuthamanga nawo m'chigwa chomwe chinatseguka pakati. Ndi funso lomwe mnyamata wanga anandifunsa mu Januwale lija, la mpira wapamwamba, ndipo nthawi imeneyo ndinamuyankha mwachidule kwambiri.

Kusowa kwa Jesus timu inakupezera zigamba ziwiri, Nketiah kenako Trossard. Kusowa kwa Saliba chigamba chake sichinapezeke, makamaka poti Tomiyasu, amene akanalola kuti White abwerere pakati, anavulala usiku womwewo.

13 Meyi 2023

Takwirira ngalande. Tinabwereka wilibala masiku awiri pa K2,000, makolo anayi anabwera ndi makasu, ndipo miyala tinaika pansi, dothi pamwamba. Pakadali pofewa, choncho mbali imeneyo taitchinga ndi mabotolo atsopano.

Wamtali wabwerera. Sindinamuponye m'masewero tsiku loyamba. Sabata yoyamba anangothamanga molunjika, yachiwiri mokhota pang'onopang'ono, ndipo lero wasewera mphindi 20. Akuopabe kuponda mwamphamvu ndi phazi lija akamatembenukira kumanzere, ndipo sindikumukakamiza. Vuto latsopano ndi lakuti kakafupi kaja kazolowera malowo ndipo wa kumanzere akukakonda. Lero ndinawayesa onse awiri, wamtali patsogolo, kakafupi kumbuyo kwake.

Ndawonjezanso otchinga kumbuyo pa maphunziro a kupanikiza. Ndamanga chingwe chopingasa pakati pa bwalo: akutsogolo akanyamuka, otchinga onse anayi ayenera kufika pa chingwecho, ndipo wothamanga kwambiri mwa iwo ndiye amayang'anira mpira wapamwamba. Kawiri anakwera atatu, mmodzi n'kutsalira, ofusayidi n'kufa. Tibwerezanso Lachitatu.

29 Meyi 2023

Ligi yatha. Itagonja 3-0 ndi Brighton pa 14 Meyi ndi 1-0 kwa Nottingham Forest pa 20, Arsenal inapereka chikho kwa City. Dzulo yatsazika ndi 5-0 pa Wolves, Jesus wagoletsanso, wamaliza ndi zigoli 11 mu ligi. Martinelli ndi Ødegaard 15 aliyense, Saka 14. Mapointi 84, City 89.

Ndawerengera bambo aja monga anapemphera mu Novembala. Jesus asanavulale: masewero 14, mapointi 37. Iye kulibe: masewero 12, mapointi 26. Atabwerera: masewero 12, mapointi 21, ndipo pa amenewa khumi omaliza ndi limodzi la Palace Saliba kunalibe. Anayang'ana tsambalo nthawi yaitali, n'kuloza masewero asanu ndi limodzi a Martinelli aja, kufunsa kuti nyenyeziyo ikutanthauza chiyani. Tinakhala panja pa vidiyo sho mpaka mwini malo anatseka, ndikuwajambulira pansi ndi kamtengo.

Ndalama zonse zomwe zapita: makope awiri ndi zolembera K4,800, bandulo K3,500, tochi K1,500, malaya K5,600, kusoketsa mpira K1,000, sopo ndi mankhwala a m'madzi K1,200, za kuchipatala K6,500, wilibala K2,000, polowera masewero 23 K8,100. Pamodzi K34,200. Ya bandulo ndiyo yokha yomwe sindikanaononga.

Chotsala ndi nsapato. Anyamata asanu akusewera ndi zotha mano, ndipo ndayamba kufunsa mitengo pa kaunjika kuti tizipeze mvula isanabwerenso. M'kope latsopano ndajambula kale mizere, tsamba lililonse mafunso anayi, ndipo loyamba kulembedwa likhala la masewero athu a Loweruka likudzali.